Ndinakuwira Mpira pa Maliro

Akuluakulu, amayi ndi abambo, mtendere ukhale nanu. Mwandipatsa mphindi zochepa, koma amene mumandidziwa mukudziwa kuti ine ndi wotchi sitigwirizana kwenikweni. Ndiye a wapampando, ndikapitirira mungokhosomola.

Ndikudziwa kuti lero ndi Lamulungu la mapuleyofu, masewero achipulula aja a mpira wa kuno ku Amereka. Ndikuona abambo ena dzanja lili m'thumba la jekete, akusisita foni ngati ikumva kuzizira. Musachite manyazi, sindikuloza munthu chala. Pa matenda amenewo ine ndine mkulu wanu, ndipo ndaima pano kuti ndikuuzeni kumene anandifikitsa.

Kwa amene simundidziwa, dzina langa ndine Dalitso, koma Amalawi a mu Indianapolis muno anandipatsa lakuti Komenteta, ngati uja woulutsa mpira pa wailesi. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndinabwera kuno chifukwa cha munthu mmodzi, a Limbani. Tinakulira limodzi ku Balaka, nyumba zathu zinali zoyang'anizana. Amayi awo, anaBanda, ankanditcha mwana wawo wachiwiri, ndipo ndikalakwa ankandikwapula ngati wawo ndithu, osachita kukapempha chilolezo kwathu. Nditafika kuno, a Limbani ndi amene anandichingamira ku bwalo la ndege. Anandigoneka pa sofa yawo ku Lawrence miyezi ingapo, anandipatsa jekete yanga yoyamba, anandiphunzitsa kudiraiva kumanja kwa msewu. Ndi iwonso amene anandionetsa mpira wa kuno.

Poyamba ndinkaseka. Ndinkati, mpira wanji wooneka ngati papaya, anthu akuugwira ndi manja n'kumati ndi wamiyendo? Koma chakomachakoma pusi anagwa chagada. Tsiku lina ndinaona mpira uja utaponyedwa kutali, ukuzungulira m'mwamba, sinowo ikugwa pang'onopang'ono, munthu akuthamanga osayang'ana kumbuyo, manja atatambasula. Pa kanthawi kamene mpira unali m'malere, zonse zinandichokera. Munalibe shifiti, munalibe nkhawa ya mapepala okhalira m'dziko lino, munalibe kusowa kwathu. Ndinkangofuna kuti mpira uja usatsike.

Kuyambira pamenepo ndinasamukira m'mwambamo. Thupi linkapita kuntchito ndi kutchalitchi, koma mwini wake ndinali kwina. Ndinagula kabuku kofiira, m'mene ndinkalembamo akatswiri khumi oposa onse amene anakhalako pa dziko lino. Ndinkasakaniza ankhonya, othamanga, a mpira wa m'dengu, a mpira wa kwathu ndi a mpira wa kuno. Lero uyu ndamukweza, mawa ndamutsitsa. Ndikamasambitsa okalamba, m'mutu mwanga ndinkawaimika onse khumi pamzere m'munda wa chimanga, ena anamwalira kalekale, ena sanaonanepo n'komwe, n'kuwauza kuti athamange. Munthu ukandipatsa moni panja pa tchalitchi, ndisanakufunse za ana ndinkakufunsa kuti nambala wani wako ndani. Ndinkadziwa bondo limene linkavuta wosewera wa ku dera lakutali, koma sindinkadziwa kuti mayi a Tadala, mkazi wanga, akhala mwezi wathunthu akugona ndi msana wopweteka.

Zaka ziwiri zapitazo, mu Januwale ngati muno, anaBanda anamwalira ku Balaka. Uthenga unafika Lachisanu. A Limbani sakanatha kupita, mapepala awo anali asanatuluke, ndipo akanapita sakanabwereranso kwa ana awo. Ambiri muno ululu umenewo mukuudziwa. Ndiye tinachita monga timachitira, tinasonkhana kunyumba kwawo. Nsapato mulu pakhomo, amayi atakhala pansi pabalaza atamanga zitenje pamwamba pa mathalauza, abambo tili pamipando m'mbali mwa khoma. Mwambo woika maliro unali Lolemba masana kumudzi, kutanthauza m'mawa kuno, ndipo mlongo wa a Limbani analonjeza kuti adzationetsa zonse pa foni.

Lamulungu titangofika, a Limbani anandikokera kukhitchini. Anati, "Achimwene, mawa mukhale pafupi nane. Mudzandigwirire foni. Manja angawa ndikuwadziwa, adzanjenjemera."

Ndinati, "Musadandaule achimwene, ndidzakhala pompo."

Koma masana omwewo timu yathu inkasewera, ndipo ikagonja ndiye kuti yatuluka. Ndinalimbana nawo mtima, ndisaname, mwina mphindi zisanu. Kenako ndinatenga kachomvera kamodzi, kaja kopanda chingwe, n'kukaika m'khutu la kumanja. Ndinasankha mpando wa pakona kuti khutu limenelo liloze kukhoma. Ndinadziuza kuti sindikulakwira munthu, khutu limodzi la maliro, lina la mpira.

Amayi anaimba nyimbo zingapo. Kenako a Mwale, mkulu wa mpingo wathu, anaimirira n'kunena kuti tipemphere. Tonse tinatsinzina. Abale anga, kutsinzinako ndi kumene kunandipha. Nditangotseka maso, balaza linachoka, ndinapezeka ndili m'bwalo. Ndinkaona udzu, ndinkaona mpweya ukutuluka m'kamwa mwa osewera ngati utsi. Kunatsala masekondi ochepa, tili kumbuyo. Mpira unaponyedwa. Unakwera, unazungulira, unakhala m'mwamba nthawi yaitali. Chapatali ndinkamva a Mwale akuti, "Ambuye, mwatitengera mayi wathu." Ndipo munthu uja anaugwira.

"Eyaaa! Yalowa! Yalowa!"

Nditatsegula maso ndinapeza nditaimirira, manja onse awiri ali m'mwamba, pakati pa maliro a anaBanda.

M'nyumba monse munali zii. Kachomvera kaja kanagwa pansi, n'kumalankhulabe timawu tating'ono pafupi ndi phazi la mayi wina. Mkazi wanga anaphimba nkhope ndi chitenje. A Limbani anandiyang'ana, osati mokwiya ayi, anandiyang'ana ngati akufuna kukumbukira kuti anandionapo kuti. Ndinatuluka. Pakhomo paja ndinangopisa mapazi mu mulu wa nsapato, ndipo ndinazindikira ndili kale pa msewu kuti ndavala imodzi yanga, ina ya a Mwale.

Lolemba m'mawa foni yanga inalira katatu. Ndinaona dzina la a Limbani, sindinayankhe. Ndinkati madzi akatayika saoleka, ndikaonekera kumeneko ndingowonjezera chilonda. Ndinadzifunditsa bulangete mpaka dzuwa linakwera.

Zotsatira zake ndizifulumiza, chifukwa nazonso zinafulumira. Ndinasiya tchalitchi. Ndinasiya kupita kulikonse kumene ndikanakumana ndi Mmalawi. Ndinapeza ntchito ku tauni ina yakutali ya South Bend, n'kuuza mayi a Tadala kuti kumeneko amalipira bwino, koma tonse awiri tinkadziwa kuti ndikuthawa. Ndinachita lendi kachipinda, ndinkabwera kuno kamodzi pa milungu iwiri. Mowa umene ndinausiya ndili ku Malawi unandipezanso. Ndikaweruka, ndinkakhala ndekha ndi zitini zanga ndi kabuku kofiira, n'kumaonera masewero akalekale amene mathero ake ndinkawadziwa kale. Kuntchito anandichenjeza kawiri chifukwa cha fungo. Pa msewu wautali uja wa pakati pa South Bend ndi kuno ndinkalota ndili maso. Ndinkaona akatswiri anga khumi akuthamanga m'minda m'mbali mwa galimoto, mpaka tsiku lina masanasana ndinadzidzimuka matayala akulira m'miyala, nditatuluka mu msewu.

Tsiku lina Loweruka ndinalowa mu sitolo ija timagulamo ufa ndi usipa, ndipo ndinamva mawu a a Limbani akulankhula ndi wogulitsa. Ine, bambo wa ana awiri, ndinanjuta kuseri kwa matumba a mpunga mpaka anatuluka. Nditafika kunyumba mkazi wanga anandiuza kuti, "Bambo a Tadala, kale a Limbani ankandifunsa kuti muli bwanji. Pano anasiya." Mawu amenewo anandipweteka kuposa machenjezo onse a kuntchito. Munthu amene anandibweretsa m'dziko lino ndinali kumutaya, ndipo ndinkangoonerera ngati ndi masewero a eni. Nsapato ya a Mwale inali idakali kumbuyo kwa galimoto yanga, pansi pa tayala lapadera.

Tsopano ndiyende pang'onopang'ono.

Ku South Bend kuja ndinkasamalira gogo wina wachizungu, a Wolita. Anadwala sitiroko, dzanja lamanja linafa, mawu ankatuluka amodziamodzi. Gogo ameneyu ankakonda bezibo, mpira uja woponya ndi kumenya ndi chibonga. Ine bezibo ndinkainyoza. M'kabuku kanga munalibe wa bezibo ndi mmodzi yemwe. Ndinkati masewero anji anthu amangoima padzuwa ngati akudikira minibasi? Tsiku lina ndinawafunsa a Wolita kuti katswiri woposa onse pa bezibo ndani, ndimati tikangane pang'ono. Iwo anangondilozera katoni imene inali pansi pa bedi. Munali mapepala ambirimbiri a timabokosi, olembedwa ndi pensulo. Kuyambira unyamata wawo, masewero alionse amene ankaonera ankalemba: yense womenya, chimene wachita, amene wagwira mpira, amene waugwetsa. Sankasanja anthu kuti uyu woyamba, uyu wachiwiri. Ankangolemba zimene zachitika.

M'chilimwe, a kuntchito anakonza zoti tipite ndi okalamba angapo kukaonera bezibo pa bwalo laling'ono la m'tauni momwemo. Anali masewero a masana, a osewera amene sanatchuke. Ndinakankha njinga ya a Wolita mpaka pamthunzi. Iwo anatulutsa pepala la timabokosi ndi pensulo, anayesa kulemba ndi dzanja lamanzere, zinakanika. Anandipatsa ine.

"Lemba," anatero m'Chingerezi chawo chodukaduka.

Ndiye kuti ulembe, uyenera kuyang'ana. Sungalote. Ndinaika foni m'thumba, ndipo kwa nthawi yoyamba patapita zaka ndinaonera chinthu chimene chinali pamaso panga. Kunali kotentha, kamphepo kakuwomba pang'ono, udzu uli wobiriwira mpaka kumpanda. Bezibo ilibe wotchi, imatha ikatha. Ndinamva mtima wanga ukukhala pansi.

Chapakati pa masewero, womenya wina anaumenya mpira m'mwamba kwambiri. Unapita kumanzere, kumene kunaima wosewera mmodzi yekha, kutali ndi anzake. Unali mpira wosavuta, ngakhale ine ndinaona. Munthu uja anaima pansi pake, anakweza chogwirira chake chachikopa, anadikira. Mpira unatsika, unagunda m'mphepete mwa chikopa, n'kugwera pa udzu. Bwalo lonse linati, "Aaa!" Ena anamukuwiza. Adani awiri anathamanga n'kugoletsa chifukwa cha iye.

A Wolita anagogoda pepala ndi chala. Anandiuza kuti ndilembe chilembo cha E, chosonyeza kuti walakwitsa, ndi nambala seveni, ya malo amene amaima. Ndinalemba. Kenako ndinayang'ana kumene kunakhala mphunzitsi wa timu, kudikira kuti amutulutse.

Ndinafunsa kuti, "Agogo, samuchotsa?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. Anati, "Apite kuti? Wina akubwera kudzamenya."

Ndinabwezera maso kwa munthu uja. Anavula chipewa, anapukuta thukuta, anachivalanso. Anamenya chikopa chake ndi nkhonya kawiri. Kenako anawerama, manja pa mawondo, n'kuyang'ana kutsogolo. Analibe pobisala. Panalibe khoma, panalibe thumba la mpunga, panali udzu wokhawokha ndi maso a anthu onse aja. Ndipo anaima pomwepo.

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti pambuyo pake anagwira mpira wovuta n'kupulumutsa timu. Ayi, abale. Mpira sunapitenso kwa iye tsiku limenelo, ndipo timu yake inagonja. Koma nthawi iliyonse imene anzake ankatuluka kukaima m'malo awo, naye ankathamanga kukaima pa malo ake aja, kuwerama, kudikira. Ine ndinasiya kuona ena onse. Misozi inayamba kugwera pa pepala la a Wolita. Iwo anaganiza kuti ndi dzuwa, anavula chipewa chawo n'kundiveka.

Sindinachire tsiku lomwelo, ndisakunamizeni. Zitini zimene zinali m'chipinda ndinazikhuthulira mu sinki madzulo amenewo, koma ndinagwanso kawiri mwezi usanathe. Chimene chinandithandiza n'chakuti ndinasiya kulimbana nazo ndekha. Ndinayamba kupita ku gulu la anthu ofuna kusiya mowa, Lachiwiri lililonse, kukakhala pa mpando wapulasitiki n'kunena dzina langa. Ndinawauza mayi a Tadala zonse, ngakhale za galimoto yotuluka mu msewu ija. Analira, anandikalipira, kenako anati, "Ndiye mubwerere kunyumba, mudzachite manyazi anuwo pano tikukuonani." Ndinapempha kusiya ntchito ku South Bend. A Wolita ndinakawatsanzika, anandipatsa pepala lija kuti ndisunge.

Kenako ndinatsegula kumbuyo kwa galimoto, ndinatulutsa nsapato ija, ndinaipukuta ndi polishi, n'kupita nayo kwa a Mwale. Atatsegula chitseko anayang'ana ine, anayang'ana nsapato, n'kuseka mpaka kugwira chitseko.

Anati, "A Komenteta, mwabwera! Yanu ija ili m'kabati. Inandithina tsiku lija mpaka ndinafika kunyumba ndikutsimphina."

Ndinawapempha kuti akandilankhulire kwa a Limbani. Anasiya kuseka. Anati, "Kukuperekezani ndikuperekezani mpaka pakhomo. Koma pakamwa mukatsegule nokha."

Kwathu munthu wopepesa amanyamula nkhuku. Kuno nkhuku yamoyo uipeza kuti? Ndinapita chimanjamanja. A Limbani anatilandira pabalaza lomwe lija. Mpando ndinaukana, ndinakhala pansi. Ndinali nditakonza mawu ambiri onena za kukuwa kuja, za kachomvera, za mwano umene ndinachitira amayi awo. Ndisanafike n'komwe pakati, anakweza dzanja.

Anati, "Achimwene, zokuwa zija zisiyeni. Patangopita mwezi tinayamba kuseka. Amayi akanakhalapo bwenzi atakukwapulani kaye, kenako n'kuseka kuposa tonse." Anatsitsa dzanja lija. "Koma Lolemba lija. A Mwalewa anafuna kundigwirira foni, ndinakana. Ndinati Dalitso akubwera, ali m'njira. Ndinaigwira ndekha. Inkagwedezeka, achimwene. Bokosi la amayi likutsika, sindinalione bwino."

Abale anga, chaka ndi theka ndinkalira tchimo lolakwika. Ndinkaganiza kuti ndinalakwa Lamulungu. Ndinalakwadi, koma chimene chinamupweteka m'bale wanga chinali mpando umene ndinausiya wopanda munthu Lolemba. Ndinangoti, "Ndinalakwa, achimwene." Iwo anati, "Ndamva. Yendani bwino."

Sanandikhululukire tsiku limenelo, ndipo sindinawakakamize. Ndinangoyamba kuonekera. Loweruka ndinkapita kwawo, nthawi zina kukathandiza kudula udzu, nthawi zina kungokhala. Masiku ena ankandiyankha mawu awiri okha. Ndinkabweranso Loweruka linalo. Ndinabwereranso muno m'tchalitchi, ndinapirira anyamata akundinong'oneza kuti "Yalowa!" ndikamadutsa. Pa maliro alionse, ndisanatsike m'galimoto, foni ndimaipereka kwa mayi a Tadala, amaiika m'chikwama chawo. Mpira sindinasiye kuukonda, ndipo sindikukuuzani kuti muusiye. Mpira uja ukakwera m'mwamba mtima wanga umakwerabe nawo. Kabuku kofiira kaja kadakalipo, ndimakanganabe ndi ena a inu. Kungoti pa nambala wani ndinafufuta, n'kulembapo munthu amene dzina lake sindinalisunge n'komwe. Ndinangolemba E ndi seveni.

Ngati alipo wina muno amene ali ndi nsapato ya eni m'galimoto, amene amazemba sitolo inayake kapena nambala inayake ikaimba, ndikukupemphani, musadikire chaka ndi theka ngati ine. Mukuganiza kuti akukumbukira zimene munachita. Mwina akungodikira kuti mufike.

Ndikumva a wapampando akhosomola, ndiye ndimalize.

Lachitatu lapitali foni yanga inalira, dzina la a Limbani. Ndinayankha isanalire kachiwiri. Anati, "Achimwene, chiliza cha amayi chatha. Amisiri anachedwa kumanga mpaka mvula yawapeza, koma Loweruka akuchivundukula. Mubwere ndi manja anu."

Dzulo m'mawa ndinafika ku Lawrence kusanayere bwino. Kumudzi mvula inachedwetsa mwambo mpaka masana, ndiye kuno kunali kutacha pamene mlongo wawo anaimba. Tinakhala pa sofa ija ndinkagonapo. Panja sinowo inkagwa, pa foni tinkaona matope ofiira a ku Balaka ndi anthu atafunda maambulera. A Limbani anandipatsa foni. Ndinaigwira ndi manja onse awiri, zigongono nditatsamiritsa pa mawondo. Mapemphero anatalika, mikono inayamba kuwawa, koma sindinasunthe. Atachotsa nsalu pa chiliza, a Limbani anasendera pafupi, phewa lawo linakhudza langa. Anawerenga dzina la amayi awo mokweza, pang'onopang'ono, mpaka kumapeto.

Kenako anati, "Ikuoneka bwino, achimwene. Gwirani choncho."

Ndipo ndinagwira. Mulungu alemekezeke, ndakhala pansi.